Mpanda wa Lamulo: M'mene Mabwalo a Milandu Amatetezera Munthu Wamba

Kulikonse kumene muli, kaya ndi ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique, ku Zimbabwe kapena ku Joni kumene ambiri a inu mudapita kukafuna maganyu, lero tikambirana nkhani imene ambiri sitiiganizira kufikira tsiku limene yatigwera. Funso lathu ndi ili: kodi munthu wamba, amene alibe chuma, alibe dzina, ndiponso alibe m'bale wake m'boma, amatetezedwa ndi chiyani akagwidwa ndi apolisi?

Ambiri a ife timati malamulo ndi mabwalo a milandu adaikidwa kuti azilanga mbava ndi zigawenga. Izi n'zoona, koma ndi theka chabe la ntchito yake. Theka linalo ndilo kuikira malire boma lenilenilo. Taonani, boma lili ndi mfuti, maunyolo, zitokosi ndi ndende, pamene munthu wamba ali ndi manja ake awiri okha. Awiriwa akakumana popanda chowaletsa, wamphamvuyo achita chimene afuna. Chifukwa chake lamulo limamanga mipanda kuzungulira mphamvu ya boma, monga mlimi amangira mpanda dimba lake kuti ng'ombe zake zomwe zingadye ndiwo. Titenga dziko la Malawi ngati chitsanzo chathu, ndipo tiona mipanda imeneyi umodziumodzi.

WOGULITSA MAJUMBO WA KU BLANTYRE

M'mwezi wa Marichi 2015, bambo wina dzina lake Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, adalawirira usiku kupita ku msika wa Limbe mumzinda wa Blantyre. Aliyense wodziwa malonda a pamsika adziwa kuti wochedwa apeza anzake atagulitsa kale. Ali m'njira, apolisi adamuimitsa, nam'gwira pa mlandu umene Amalawi amautcha vakabu. Sadabe kanthu, sadamenye munthu. Mlandu wake udali wopezeka pamsewu nthawi imene wapolisi adaganiza kuti munthu wabwino sayenda.

Mlandu wa vakabu udachokera ku malamulo a ku England a mu 1824, ndipo udalowa m'dziko muno ndi atsamunda. Ndime 184(1)(c) ya malamulo a milandu ya upandu inkalola kugwira munthu wopezeka pamsewu kapena pamalo ena alionse ngati nthawi yake ndi maonekedwe a zinthu zikupangitsa wapolisi kuganiza kuti munthuyo ali ndi cholinga choipa. Kodi ndani ankagwidwa ndi lamulo lotere? Woyenda pa galimoto yake usiku sankaimitsidwa. Ankagwidwa ndi oyenda pansi: mavenda, alonda opita ku ntchito, amayi olawirira kukapikula tomato, ndi anyamata odikira basi padepoti. Ambiri ankangovomera mlandu ndi kulipira chindapusa kuti atuluke msanga.

Bambo Gwanda adakana kuvomera. Mothandizidwa ndi mabungwe oona za ufulu wa anthu, nkhani yake idafika ku Khothi Lalikulu, ndipo mu Januwale 2017 oweruza atatu adagamula kuti ndime imeneyi ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Adapeza kuti ndimeyo siinkanena momveka chimene munthu walakwa, inkapatsa wapolisi mphamvu yopanda malire, ndipo inkanyoza ulemu wa osauka. Kuchokera tsiku limenelo ndimeyo idafa. Mu 2020 Khothi la Africa loona za ufulu wa anthu, limene lili ku Arusha, lidanenanso kuti malamulo a mtundu wa vakabu sagwirizana ndi pangano la ufulu wa anthu la maiko a mu Africa. Mu 2022 Khothi Lalikulu la Malawi lidagamula kuti chipikisheni, kumene apolisi amangotola aliyense wopezeka pamalo popanda kumuuza chimene walakwa, n'chosaloledwa.

Wogulitsa majumbo adaima pamaso pa oweruza, boma lidaima mbali inayo, ndipo wogulitsa majumboyo ndiye adapambana. Kodi zidatheka bwanji?

KUMENE TIDACHOKERA

Achinyamata ambiri sadziwa kuti zinthu sizidali chomwechi kale. M'nthawi ya chipani chimodzi munthu ankatha kutsekeredwa zaka zambiri osaonekera m'khothi. Mlakatuli Jack Mapanje adagwidwa mu 1987, nakhala m'ndende ya Mikuyu kufikira 1991 popanda kuuzidwa mlandu wake. Kuyambira mu 1969 boma lidasintha malamulo kuti milandu ikuluikulu, ngakhale ya kupha, iziweruzidwa m'makhothi a mafumu, m'mene woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Orton Chirwa, amene adakhalapo nduna ya zachilungamo, pamodzi ndi mkazi wake Vera, adaweruzidwa m'khothi lotere ndipo mu 1983 adalamulidwa kuti aphedwe. Chilangocho chidasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Orton adafera m'ndende ya Zomba mu 1992, ndipo Vera adatulutsidwa mu 1993.

Ngati loya wotchuka chotere sadapeze pothawira, nanga mlimi wa kumudzi akadalowera kuti? Anthu amene adalemba malamulo aakulu a dziko a mu 1994 ankakumbukira zimenezi. N'chifukwa chake adaikamo mutu wathunthu wa ufulu wa anthu, ndipo ndime 42 ya malamulowo idaperekedwa yonse kwa munthu wogwidwa, wotsekeredwa ndi woimbidwa mlandu. Adanenanso kuti lamulo lina lililonse lotsutsana ndi malamulo aakuluwa lilibe mphamvu, ndipo adapatsa Khothi Lalikulu udindo woona zimenezi. Apa ndipo padachokera mphamvu imene idathandiza bambo Gwanda.

MPANDA WOYAMBA: AKUUZENI CHIFUKWA

Wapolisi akakugwirani ayenera kukuuzani msanga chifukwa chake, m'chilankhulo chimene mumamva. Ayeneranso kukuuzani kuti muli ndi ufulu wokhala chete, ndi kukuchenjezani kuti zimene munganene zikhoza kutengedwa ngati umboni. Saloledwa kukukakamizani kuvomera mlandu, ndipo kumenya kapena kuzunza munthu kuti aulule n'koletsedwa kotheratu. Wina akamenyedwa m'chitokosi, anene zimenezi kwa majisitireti tsiku loyamba lomwe waonekera m'khothi, mabala asadapole, napemphe kuti akaonedwe ku chipatala.

Mpanda umenewu ukuoneka waung'ono, komatu ndiwo maziko a yonse. Wapolisi amene akudziwa kuti adzafunsidwa chifukwa chimene adagwirira munthu amaganiza kawiri asadatulutse unyolo. Chifukwacho chiyenera kukhala mlandu wolembedwa m'malamulo. Ngongole wamba ya pakati pa anthu awiri si mlandu wa upandu, ndipo malo ake ndi khothi la milandu ya pakati pa anthu. Chomwechonso n'kulakwa kugwira mayi kapena mkazi wa munthu wothawa kuti wothawayo adzipereke, pakuti aliyense ayankha mlandu wake.

Wotsekeredwa ali ndi ufulu wolankhula ndi loya, ndiponso wochezeredwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, abale ake, dokotala wa kufuna kwake, ngakhalenso mtsogoleri wa chipembedzo chake. Abusa ndi akulu a mpingo adziwe bwino mfundo imeneyi: kukaona nkhosa yanu ku polisi ndi ufulu wa wotsekeredwayo, wolembedwa m'malamulo aakulu a dziko.

MPANDA WACHIWIRI: MAOLA 48

Apolisi sangasunge munthu mpaka pamene iwo afunira. Lamulo likuti am'tengere ku khothi msanga, pasadapite maola 48 chigwidwireni. Ngati maolawo athera usiku, Loweruka, Lamulungu kapena tsiku la tchuthi, am'tengere tsiku loyamba limene khothi litsegule. Akalephera kutero ayenera kum'masula.

N'chifukwa chiyani nthawi ili yofunika chotere? Zoipa zambiri zimene zimachitikira ogwidwa zimachitika m'masiku oyamba, pamene munthuyo ali m'manja mwa amene adam'gwira okha. Akafika pamaso pa majisitireti, munthu wina wosakhala wapolisi amamuona ndi maso, amalemba dzina lake m'kaundula, ndipo amafunsa boma kuti lifotokoze. Kuyambira pamenepo munthuyo sangasowe mwachinsinsi.

Khothi likalamula kuti asungidwe podikira mlandu, pamenepanso pali malire. Malamulo a kazengedwe ka milandu, monga adakonzedwera mu 2010, akuti wodikira mlandu wozengedwa ndi majisitireti asasungidwe kupitirira masiku 30 mlandu usadayambe, ndipo pa milandu ikuluikulu monga kupha, kugwirira ndi kuba moopseza malire ake ndi masiku 90. Boma likafuna masiku ena liyenera kukapempha ku khothi ndi kupereka zifukwa. Tinene zoona, malire amenewa amaswedwa kawirikawiri, ndipo m'ndende za Maula, Chichiri ndi Zomba mwakhala mukupezeka anthu amene adadikira zaka. Koma m'bale wodziwa masiku amenewa ali ndi poyambira, pamene wosadziwa amangolira kunyumba. Akulu adati safunsa adadya phula.

MPANDA WACHITATU: BELO

Munthu amene sadapezeke wolakwa ndi wosalakwa pamaso pa lamulo. Chifukwa chake ufulu wake ndiwo kudikira mlandu ali kwawo, akulima munda wake ndi kudyetsa ana ake, pokhapokha ngati chilungamo chifuna kuti asungidwe. Khothi limayang'ana ngati angathawe, ngati angaopseze mboni kapena kuwononga umboni, ndiponso ngati angavulaze ena. Udindo woonetsa zifukwa zomukanizira belo uli ndi boma.

Pali belo ya mitundu iwiri. Pa milandu ing'onoing'ono apolisi akhoza kutulutsa munthu pa belo ya ku polisi, ndipo imeneyi ndi yaulere. Tibwereze: belo ya ku polisi ndi yaulere. Mabanja ambiri agulitsa mbuzi, njinga, ngakhale chimanga cha m'nkhokwe, kuti apatse wapolisi ndalama imene lamulo silifuna. Ndalama yotere ndi chiphuphu, ndipo wopereka ndi wolandira onse apalamula. Belo ya ku khothi ndiyo imene nthawi zina imafuna chikole cha ndalama pamodzi ndi anthu oimira wotulutsidwayo. Ndalama imeneyi imaperekedwa ku ofesi ya khothi, imalembedwa lisiti, ndipo imabwezedwa mlandu ukatha ngati munthuyo adasunga zonse zimene khothi lidalamula. Sungani lisitilo monga musungira khadi la kuchipatala.

Anthu ambiri amakwiya akaona wakuba amene adam'pereka dzulo akuyenda pamsika lero, ndipo amati apolisi adya ndalama. Nthawi zina n'zoona. Koma kawirikawiri munthuyo ali pa belo ndipo mlandu wake ukadalipo. Mlandu suwola. Wodandaulayo akapanda kupita ku khothi kukapereka umboni tsiku lake, pamenepo ndipo mlanduwo umathera m'malere.

MPANDA WACHINAYI: UMBONI

M'khothi, woimbidwa mlandu alibe udindo wotsimikiza kuti ndi wosalakwa. Boma ndilo liyenera kubweretsa umboni wokwanira, wosasiya chikaiko chenicheni mumtima mwa woweruza. Mlandu uzengedwe poyera, pamaso pa anthu, m'chilankhulo chimene woimbidwayo amamva, ndipo ngati samva boma lim'pezere womasulira. Aloledwe kufunsa mafunso mboni iliyonse yom'neneza, ndi kuitana mboni zake. Akapezeka wosalakwa sangazengedwenso pa mlandu womwewo.

Owerenga Baibulo sangadabwe ndi mfundo zimenezi. M'buku la Deuteronomo, mutu 19, mboni imodzi siinkakwanira kutsutsa munthu, ndipo mboni yonama inkalandira chilango chimene inkafunira mnzake. Pa Yohane 7 Nikodemo adakumbutsa akulu anzake kuti chilamulo chawo sichiweruza munthu chisadamumve. Ndipo nkhani ya Naboti, pa 1 Mafumu 21, itionetsa zimene zimachitika mpanda uwu ukagwa: mfumu idasirira munda wamphesa wa munthu wamba, mfumukazi idakonza mboni ziwiri zonama, akulu a mudzi adamvera, ndipo Naboti adaponyedwa miyala. Bwalo lidalipo, mboni zidalipo, koma onse adaopa nyumba yachifumu.

Phunziro lake ndi lakuti bwalo la milandu limaima pa miyendo iwiri: woweruza wosaopa wamkulu aliyense, ndi mboni zonena zoona. Mwendo woyamba ndi udindo wa dziko, ndipo n'chifukwa chake malamulo aakulu amaletsa Pulezidenti kapena nduna kuuza woweruza chogamula. Mwendo wachiwiri ndi udindo wa inu ndi ine. Munthu amene amaona mnzake akunamiziridwa, iye nkumati za eni ake, wathandiza kugwetsa mpanda umene tsiku lina adzaufuna.

Ana ali ndi chitetezo choonjezera. Mwana wosakwana zaka 10 sangaimbidwe mlandu wa upandu. Lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la mu 2010 likuti mwana wogwidwa asatsekeredwe pamodzi ndi akuluakulu, makolo ake adziwitsidwe, ndipo pa zolakwa zing'onozing'ono afunefune njira yom'konza osati yom'tumiza ku ndende. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18.

MPANDA WACHISANU: WOWERUZA NAYE ALI NDI OMUONA

Woweruza ndi munthu, ndipo akhoza kulakwa. Chifukwa chake makhothi adasanjidwa ngati makwerero. Milandu yambiri imayambira kwa majisitireti. Wosakhutira amachita apilo ku Khothi Lalikulu, limene lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ndipo pamwamba pake pali Khothi Lalikulu la Apilo. Ngakhale munthu asachite apilo, zilango zazikulu zoperekedwa ndi majisitireti zimatumizidwa ku Khothi Lalikulu kuti likazione ndi kuzitsimikiza, ndipo woweruza wa kumeneko akhoza kuchepetsa chilango kapena kumasula munthuyo.

Ngakhale wopezeka wolakwa sataya umunthu wake. Mu 2009, pa mlandu wa mkaidi Gable Masangano, Khothi Lalikulu lidagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende za Malawi, pamodzi ndi kusowa mpweya wabwino m'zipinda, ndi nkhanza zosayenera munthu, ndipo lidalamula boma kuti lichepetse kuthithikanako. Ndende zikadali zodzaza mpaka lero, komabe chigamulocho chilipo ngati muyeso umene boma limayesedwa nawo.

Nanga apolisi eni ake akalakwa? Mu Okutobala 2019 amayi ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, m'boma la Lilongwe, adachitidwa nkhanza ndi kugwiriridwa ndi apolisi amene adatumizidwa kumeneko pa nthawi ya zipolowe. Amayi 18 adakasuma mothandizidwa ndi bungwe la maloya aakazi, ndipo mu Ogasiti 2020 Khothi Lalikulu lidalamula kuti boma liwapatse chipepeso. Ndalama siichotsa chilonda chotere. Koma amayi a kumudzi adamvedwa, ndipo dziko lonse lidauzidwa kuti yunifomu siibisa mlandu. Timati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ntchito ya khothi loima palokha ndiyo kum'tsitsa pamkhatepo. Momwemonso munthu wotsekeredwa popanda chifukwa akhoza kusumira boma ndi kulandira chipepeso. Palinso ofesi ya Ombudsman, bungwe la Malawi Human Rights Commission, ndi bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la apolisi la mu 2010. Kudandaula kumalo onsewa n'kwaulere.

WOPANDA LOYA APITE KUTI?

Wina adzati, zonsezi n'zabwino, koma ine ndalama ya loya ndiitenga kuti? Funsoli n'loyenera, pakuti maloya ndi ochepa ndipo ambiri ali m'mizinda. Malamulo aakulu akuti pamene chilungamo chifuna, boma lipereke loya kwa wotsekeredwa kapena woimbidwa mlandu. Ntchito imeneyi ili m'manja mwa Legal Aid Bureau, imene idayamba kugwira ntchito mu 2015 ndipo yakhala ikutsegula maofesi m'maboma. Osauka enieni amathandizidwa popanda kulipira, ndipo ena amapereka kangachepe molingana ndi kupeza kwawo.

Palinso alangizi a zamalamulo amene si maloya, koma adaphunzitsidwa kuthandiza anthu. Ntchito yawo m'ndende za Malawi idayamba mu 2000, ndipo lero imayendetsedwa ndi bungwe la PASI pamodzi ndi mabungwe ena. Iwowa amalowa m'ndende ndi m'mapolisi, amaphunzitsa odikira milandu kupempha belo okha, amafunafuna abale awo, ndipo amakumbutsa makhothi za anthu oiwalika. Nthawi zina majisitireti amapita kukakhala m'ndende momwemo kukaona milandu ya okhalitsa. Ntchito ya alangizi a m'ndendeyi idayambira ku Malawi ndipo maiko ena adaitengera.

Tsono m'bale wanu akagwidwa, chitani izi. Lembani tsiku ndi ola limene wagwidwa, ndi polisi imene ali. Funsani mwaulemu mlandu wake ndi dzina la wapolisi wofufuza. Pemphani belo ya ku polisi, ndipo musapereke ndalama yopanda lisiti. Maola 48 akadutsa, pitani kwa mkulu wa polisiyo, kwa kalaliki wa khothi la majisitireti, kapena ku ofesi ya Legal Aid Bureau. Konzani achibale awiri odalirika, okhala ndi ziphaso zawo, oti akamuimire pa belo. Tsiku la mlandu mukapezeke m'khothi.

KWA INU AMENE MULI KUNJA

Abale amene muli m'maiko a eni, mipanda yofanana ndi iyi iliko kumene muliko. Malamulo aakulu a South Africa a mu 1996, pa ndime 35, ndi a Zimbabwe a mu 2013, pa ndime 50, nawonso amaika malire a maola 48, ndipo ufulu umenewu ndi wa munthu aliyense wogwidwa, nzika ndi mlendo yemwe. Ku South Africa osauka amathandizidwa ndi Legal Aid South Africa, ku Zambia kuli Legal Aid Board, ndipo ku Mozambique kuli IPAJ. Pangano la ku Vienna la mu 1963 limapatsanso mlendo wogwidwa ufulu wopempha kuti ofesi ya kazembe wa dziko lake idziwitsidwe. Kusowa mapepala ndi mlandu umene uli ndi njira yake, koma sikupatsa wina aliyense chilolezo chokumenyani kapena kukulandani katundu.

Ena amaganiza kuti munthu wa Mulungu sayenera kutchula ufulu wake, angopirira. Mtumwi Paulo sadaganize chomwecho. Ku Filipi, atakwapulidwa ndi kutsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, adakana kutulutsidwa mobisa kufikira akuluakulu a mzindawo adadza okha kudzapepesa. Ku Yerusalemu, atam'manga kale kuti am'kwapule, adafunsa kapitao ngati lamulo limalola kukwapula nzika ya Roma isadaweruzidwe, ndipo chikwapucho chidaikidwa pansi. Pamaso pa Festo adachita apilo kwa Kaisara. Nkhanizi zili m'buku la Machitidwe, mitu 16, 22 ndi 25. Paulo adalankhula mwaulemu, sadachite chiwawa, koma adalidziwa lamulo ndipo adalitchula pa nthawi yake.

PAMENE IFE TOMWE TIGWETSA MPANDA

Okondedwa, takamba za boma, koma pali mphamvu ina imene imaopsa munthu wamba kuposa wapolisi, ndiyo gulu la anthu okwiya. Wina akangofuula kuti wakuba pamsika, miyala imayamba kugwa wina aliyense asadafunse kuti waba chiyani. Mu Januwale 2016, m'boma la Neno, okalamba anayi adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo powaganizira ufiti mtsikana wina atafa ndi mphezi. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidabuka m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi ena oyandikana nawo, ndipo anthu angapo adaphedwa popanda umboni uliwonse. Lamulo la Malawi la mu 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo kupha woganiziridwa ndi kupha basi.

Tayesani gulu lotere ndi mipanda isanu ija. Silinena chifukwa chomveka. Silidikira maola 48, ngakhale mphindi 48. Belo ilibe malo, mboni sizifunsidwa, ndipo wakufa sachita apilo. Zonse zimene tidandaula kuti boma loipa limachita, gulu limazichita pa ola limodzi. M'chilamulo cha Mose mudali mizinda isanu ndi umodzi yothawirako, yolembedwa pa Numeri 35 ndi Yoswa 20, kumene wopha mnzake mwangozi ankathawira kuti wolipsira asam'peze mlandu usadamvedwe. Cholinga chake chidali kuika mtunda ndi nthawi pakati pa mkwiyo ndi chiweruzo. Polisi ndi khothi, ndi zofooka zawo zonse, zimagwira ntchito yomweyo masiku ano.

N'zoona kuti anthu amatopa. Milandu imachedwa, mafayilo amasowa, ziphuphu zilipo, ndipo khothi lili kutali ndi mudzi. Koma mankhwala a bwalo lofooka ndiwo kulilimbitsa: kupita kukapereka umboni, kukana kupereka chiphuphu, kudandaula kumalo oyenera, ndi kufunsa aphungu athu chifukwa chimene makhothi ndi ofesi zothandiza osauka sizipatsidwa ndalama zokwanira. Mpanda umene uteteza wakuba lero kuti asawotchedwe ndi womwewo umene udzateteza mwana wanu tsiku limene adzam'fanizira ndi wakuba. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chifukwa chake tikupemphani, mukamaliza kuwerenga, fotokozerani a m'banja mwanu ndi a mumpingo mwanu zinthu izi: wogwidwa auzidwe chifukwa, aonekere m'khothi pasadapite maola 48, belo ya ku polisi ndi yaulere, wosauka ali ndi kopita kukapempha loya, ndipo woganiziridwa aperekedwe ku polisi wamoyo. Ngati pafupi ndi inu pali banja limene m'bale wawo ali m'ndende kudikira mlandu, kawafunseni kuti wakhalamo masiku angati, ndipo muwaperekeze ku ofesi yoyenera. Mulungu wa chilungamo akusungeni kufikira tidzakumanenso m'phunziro lotsatira.